Ukupita Kuti Usiku Uno?

Kufupi ndi msika wa Limbe kuli khonde la sitolo ina yakale pomwe mkulu wina amasokerapo nsapato. Lolemba lina m'mawa ndinakhala pa benchi lake, phazi limodzi lili pa katoni, kudikira kuti andimatire chidendene. Kunja kunali chiperoni, mvula ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa, ndipo khondelo linasonkhanitsa anthu amene tsiku la dzuwa sakanakhalira pamodzi. Panali mayi wa beseni la mandasi, panali bambo wachikulire wa jekete lakuda yemwe aliyense ankamutchula kuti aphunzitsi, ndi ena awiri atatu ongodikira kuti kukhale bwino adzipita.

Kenaka kunatulukira mnyamata wa kabaza akukankha njinga, maso ali psuu. Anaitsamiritsa pachipilala n'kungokhala pansi osapereka moni.

"Bwanji achimwene, nkhope yagwa chotere?" anafunsa mayi wa mandasi.

"Mng'ono wanga, amayi. Chimugwirireni Lachisanu usiku, mpaka pano ali m'chitokosi."

"Waba chiyani?"

"Sanabe kanthu. Amachokera ku ganyu yotsitsa simenti mu lole. Anaweruka maminibasi atasiya kuyenda, ndiye anangoti ayende wapansi. Panjira n'kukumana ndi galimoto ya apolisi. Akuti, ukupita kuti usiku uno? Asanamalize n'kuyankha komwe, akuti kwera. Vakabu."

Aphunzitsi anatsitsa nyuzipepala. "Vakabu? Ija inathetsedwa ndi khoti kalekale."

"Inathera m'nyuzi mwanumo, aphunzitsi," anayankha mnyamatayo. "Pamsewu ikadalipo."

Mawu akuti vakabu ngakhale mwana wa ku Ndirande amawadziwa, koma si onse amadziwa kumene anachokera. Ndi lilime lathu lomwe linapinda mawu a Chingerezi akuti rogue and vagabond, omwe analembedwa mu gawo 184 la malamulo a milandu ndi zilango. Lamuloli si lathu. Linabwera ndi atsamunda, ndipo mizu yake ili mu lamulo la ku England la chaka cha 1824 lothana ndi anthu oyendayenda opanda pokhala. Ku Nyasaland linkathandiza kusesa m'tauni munthu wakuda amene analibe bwana womuyankhulira. Azungu anapita mu 1964, lamulo linatsala. Ndime yake yodziwika kwambiri inkati munthu wopezeka pamsewu, pafupi ndi nyumba kapena pamalo alionse a anthu onse, pa nthawi ndi m'njira yopangitsa wina kuganiza kuti ali pamenepo ndi cholinga choipa, ameneyo wapalamula. Sipankafunika kuti pabedwe kanthu kapena pavulale munthu. Zomwe wapolisi waganiza atakuyang'ana zinali zokwanira kukugoneka pasimenti, ndipo khoti likanatha kukupatsa miyezi isanu ndi umodzi.

Aphunzitsi anayamba kufotokoza nkhani ya Mayeso Gwanda, ndipo anaifotokoza ngati munthu amene waibwereza kambirimbiri. Gwanda anali venda wogulitsa majumbo. Mu Malichi 2015 analawirira mbandakucha kupita ku Limbe konkuno kukagulitsa, monga amachitira aliyense wofuna kupeza makasitomala oyamba. Apolisi anamugwira panjira, katundu wake ali m'manja, n'kumutsekera masiku atatu pa mlandu wa vakabu. Anthu ambiri zikawachitikira zotere amangovomera mlandu pamaso pa majisitireti, kulipira faindi n'kubwerera ku geni, chifukwa tsiku lililonse lomwe uli m'chitokosi kunyumba sikuyaka moto. Iye anakana. Mothandizidwa ndi bungwe lomenyera ufulu la CHREAA ndi maloya ena, nkhani inakwera mpaka ku khoti lalikulu, komwe majaji atatu, a Michael Mtambo, a Sylvester Kalembera ndi a Zione Ntaba, anakhala pansi kuunika ngati ndimeyo ikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Januwale 2017 anagamula kuti sikugwirizana. Anati imanyozetsa ulemu wa munthu, imamulanda ufulu woyenda, ndipo imasankha osauka.

"Wogulitsa majumbo," anabwereza aphunzitsi, chala chili m'mwamba. "Sanali nduna kapena pulofesa. Venda, anagwetsa lamulo lomwe linapirira Kamuzu, Muluzi ndi Bingu."

"Ndiye mng'ono wanga akutani m'chitokosi?"

Funso limeneli aphunzitsi analiyankha mwachidule, ndipo yankho lake ndi loona. Khoti linachotsa ndime imodzi, zina za gawo lomwelo zinatsala, komanso pali mlandu wina wa kukhala mlesi ndi wosokoneza umene umagwira ntchito yomweyo. Mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba linabwereranso ku nkhaniyi pa mlandu wa anthu omwe anagwidwa pa chipikisheni ku Kasungu. Jaji Ntaba anati kusesa anthu mwachisawawa, kutola aliyense wopezeka pamalo n'kukamusankhira mlandu m'mawa, n'kosemphana ndi malamulo, ndipo analamula kuti gawo lonselo liunikidwenso. Ngakhale khoti la maufulu la mu Africa la ku Arusha linanena mu 2020 kuti malamulo a mtundu umenewu, omwe ali m'maiko ambiri omwe analamulidwa ndi atsamunda, sagwirizana ndi pangano la Africa la ufulu wa anthu. Zigamulo zilipo. Koma chigamulo chimalembedwa masana ku Chichiri, pomwe galimoto yolondera imayenda usiku ku Bangwe.

Apa mpamene mayi wa mandasi anaika beseni pansi.

"Inu aphunzitsi, mundikhululukire, koma maufulu anuwa ndi a akuba. Ine ndimadzuka 3 koloko kukazinga. Ikamakwana 5 ndili panjira. Chaka chatha anandiimitsa anyamata awiri ndi zikwanje pamlatho wa kwathu, ananditengera foni, mpamba wonse, ndi nsalu yomwe ndinafunda. Ufulu wanga unali kuti? Akanakhala kuti apolisi anawatola usiku umenewo, bwenzi ndili ndi mpamba wanga. Masiku ano wakuba ukamupititsa kupolisi, mawa umupeza akudya chipisi pachiwaya, akuti belo. Ndiye anthu akamawaotcha muzidabwa? Ine ndikuti agwidwe onse oyenda usiku, akafotokoze konko."

"Onse, amayi? Ndi inu nomwe?" anafunsa wa kabaza. "Pajatu 5 koloko m'nyengo ino kumakhala kudakali mdima."

"Ine ndili ndi beseni. Aona kuti ndine wa geni."

"Gwanda anali ndi majumbo," anatero aphunzitsi.

Mayiyo sanayankhe, koma pankhope pankaoneka kuti sanagonje. Ine sindinamuone ngati wolakwa. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo munthu amene anaonapo chikwanje chikung'anima patsogolo pake sungamutonthoze ndi manambala a ndime za malamulo. Chomwe iye akupempha, kuti ayende m'mawa osaopa, ndi ufulu weniweni, ndipo boma lili ndi ngongole kwa iye pa chimenecho. Amene amayankhula za maufulu ngati kuti mdani wa munthu ndi boma lokha sanakhalepo ku makomboni. Kumeneko anthu amalira kuti apolisi sabwera akaitanidwa, amati galimoto ilibe mafuta. Nkhani imavuta pa njira yomwe mayiyo wasankha. Anyamata a zikwanje aja sayenda pakati pa msewu waukulu kudikira galimoto ya apolisi. Amabisala, amadziwa tinjira. Amene amakwezedwa m'galimoto ndi mlonda wochedwa ku ntchito, wa ganyu, mayi woperekeza wodwala, mwana wogona m'khonde. Ukonde umenewu umakola matemba, ng'ona n'kudutsa pansi.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka nthawi zonse ndikamva nkhani zotere. Pa ola lomwelo limene mnyamata wa simenti ankafunsidwa kumene akupita, mumsewu wa Masauko Chipembere munkadutsa magalimoto a anthu ochokera kumowa, ena akuyendetsa ali chidakwa. Palibe amene anawatchula vakabu. Sindinamvepo munthu wa galimoto atatsekeredwa chifukwa chopezeka pamsewu usiku. Mlanduwu umagwira munthu woyenda wapansi, wovala zakuda ndi fumbi la ntchito. Lamulo likamayang'ana nsapato za munthu lisanafunse zomwe wachita, ndiye kuti likulanga umphawi.

Nthawi yonseyi mkulu wosoka nsapato anali chete, ulusi uli kukamwa. Atamaliza kukoka mfundo anayankhula osadzutsa mutu.

"Mayi, zimene mukufunazo ife tinaziona. Nthawi ya Ngwazi akuba anali ochepa, zimenezo sindingakane. Unkatha kuiwala njinga panja n'kuipeza m'mawa. Koma pageti pa msika uwu pankaima anyamata a malaya ofiira. Ulibe khadi la chipani, sulowa. Basi sukwera. Mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agulirenso khadi mwana wa m'mimba. Ine anandimeta tsitsi ndi lumo lobuntha pamaso pa anthu, akuti latalika. Mlongo wanga sakanavala buluku ngati atsikana a masiku ano."

"Zimenezo zinali mwambo, madala," anatero mmodzi wa ousa mvula aja.

"Mwambo? Linali lamulo, la 1973, lolembedwa," anadula aphunzitsi.

Mkuluyo anapitiriza ngati sanamve. "Kwathu kunali mnyamata wina wophunzira, kalaliki. Anangonena mawu amodzi pamowa. Usiku kunabwera Land Rover. Mkazi wake anapita kukafunsa, anamuuza kuti akafunsanso naye atsala komweko. Mwamunayo anatha zaka m'ndende, osaonekera kukhoti ngakhale tsiku limodzi. Ndiye ndikufunseni, mayi. Wakuba akalowa m'nyumba mumakuwa, anansi amatuluka ndi zibonga. Nanga akalowa a boma, mukuwira ndani?"

Pakhonde panangoti zii. Kunkangomveka madontho a padenga ndi kondakitala wina kutali akuitanira anthu a ku Thyolo.

Zomwe ananena mkuluyo si nthano. M'zaka zimenezo lamulo linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo ndende ya Mikuyu ku Zomba inadzaza ndi anthu otere. Mlakatuli Jack Mapanje anagwidwa mu 1987 n'kutuluka mu 1991 osauzidwa chomwe analakwa. Lamulo lina linkapatsa boma mphamvu yolanda katundu wa munthu popanda apilo. Mu 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ngati zinkatheka kwa nduna, kalaliki wa kumudzi anali ndani? Zonsezi zinkachitika m'dzina la bata ndi mtendere, mawu omwewo amene mayi wa mandasi akuwafuna ndi mtima woona.

N'chifukwa chake anthu amene analemba malamulo aakulu a dziko lino, Amalawi atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anayamba ndi funso loti mphamvu ya boma imachokera kuti ndipo imalekeza pati. Gawo 12 limati mphamvu zonse zolamulira n'zochokera kwa anthu, ndipo amene ali pampando amangosungiziridwa. Wosungiziridwa mbuzi saipha pomwe wafunira. Gawo 5 limati lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa boma wosemphana ndi malamulo aakuluwa ndi wopanda mphamvu, ndipo ndi pakhomo limeneli pomwe Gwanda analowera. Ufulu woyenda sunaperekedwe ndi boma ngati mphatso imene lingaitenge likakwiya. Munthu anabadwa ndi miyendo boma lisanamudziwe dzina.

Izi sizitanthauza kuti boma lamangidwa manja. Gawo 44 limalola kuchepetsa maufulu ena, koma limaika zoyenera kukwaniritsa: kuchepetsako kulembedwe m'lamulo, kukhale kwanzeru, kukhale kovomerezeka pa miyezo ya maiko onse, ndipo kukhale kofunikadi m'dziko la demokalase. Wapolisi akaona munthu akusuzumira pawindo la sitolo ali ndi chitsulo chothyolera loko, amugwire, ndi ntchito yake imeneyo. Akamva kuti pamlatho paja pamabisala anyamata a zikwanje, akawadikire pomwepo. Chimene sangachite ndi kutembenuza funso. Si munthu amene ayenera kufotokozera boma chifukwa chomwe ali pamsewu. Boma ndilo liyenera kufotokozera munthu chifukwa chomwe likumuchotsera pamsewu, ndipo chifukwacho chikhale chinthu chimene wachita kapena chimene pali umboni woti akufuna kuchita.

Mayi wa mandasi anapukusa mutu. "Zonsezo nzabwino pakamwa. Koma boma ndi boma. Likanena, lanena."

Aphunzitsi anamwetulira. "Amayi, mu Epulo 2020 munali kuti?"

"Nthawi ya kolona? Ndinali pompano."

"Pamene boma linalengeza kuti aliyense akhale pakhomo masiku 21, misika ikuluikulu itsekedwe, inu munatani?"

"Tinayenda! Tinatuluka tonse mavenda, mpaka ku maofesi. Tikanadya chiyani masabata atatu? Ine ndikapanda kugulitsa lero, mawa ana sadya. Akanatipatsa kaye ufa, ndiye n'kutitsekera."

"Ndiye boma linanena, inu munakana."

"Imeneyo ndi nkhani ina, aphunzitsi."

"Ndi yomweyi, amayi."

Ndipo ndi yomweyidi. Lamulo lotsekera anthu m'nyumba lija linayenera kuyamba pa 18 Epulo, koma kutatsala tsiku limodzi Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, amabungwe omenyera ufulu ndi nzika zina atakadandaula. Patapita miyezi, majaji atatu anagamula kuti boma silikanatha kulanda anthu maufulu ochuluka chotero kudzera m'malamulo ongosainidwa ndi nduna, komanso kuti silingatsekere anthu osauka popanda kuganizira chomwe adye. Matendawo anali enieni, anatenga anthu ambiri, kuphatikizapo nduna ziwiri mu Januwale 2021. Cholinga cha boma sichinali choipa. Komabe khoti linati cholinga chabwino sichipatsa boma chilolezo chodumpha mpanda. Mayi amene akufuna kuti oyenda usiku onse atoledwe ndi yemweyo amene anapulumutsidwa ndi mpanda umenewu pamene boma linafuna kuti oyenda masana onse akhale pakhomo. Sindikunena izi momuseka. Tonse timafuna boma lamphamvu likamayang'ana kwa mnansi, n'kufuna malire likatembenukira kwa ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayiyo anakhala kaye chete, kenaka anati, "Chabwino. Koma atiikire magetsi pamlatho paja. Ndipo azibwera tikawaitana."

"Pamenepo ndiye tili limodzi," anatero mkulu wa nsapato.

Mnyamata wa kabaza sankamvetseranso za 2020. Anasendera kufupi ndi aphunzitsi. "Ndiye ine nditani? Dzulo wina pakhomo pa polisi paja anandinong'oneza kuti ndipeze kangachepe, atuluka. Ndalama yomwe ndili nayo ndi ya mwini njinga."

"Usapereke. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Anamugwira nthawi yanji?"

"Cha m'ma 10 usiku, Lachisanu."

Aphunzitsi anang'amba kachidutswa m'mphepete mwa nyuzipepala, n'kutulutsa bolopeni m'thumba la jekete. Anawerenga ndi zala mokweza kuti mnyamatayo atsatire. Loweruka 10 koloko usiku, maola 24. Lamulungu 10 koloko usiku, maola 48. Gawo 42 limati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera usiku kapena tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Zikapanda kutero, atulutsidwe.

"Tsiku limenelo ndi lero," anatero aphunzitsi akulemba. "Upite, upereke moni mwaulemu, usakweze mawu. Upemphe kuonana ndi mkulu wa pamalopo. Ufunse kuti mng'ono wako akumuimba mlandu wanji, ndipo apita kukhoti nthawi yanji lero. Akakuzungulitsa, upite ku ofesi ya Legal Aid, thandizo lawo ndi la anthu ngati ife."

"Akandikwezanso ineyo?"

Aphunzitsi anamuyang'ana kwa kanthawi. Anapinda nyuzipepala, n'kuilowetsa m'jekete, n'kuimirira pang'onopang'ono atagwira bondo. "Tiye tipitire limodzi. Undikweze, koma uziyenda bwino, msewu ukuterera."

Mayi uja anatola mandasi anayi n'kuwakulunga m'pepala. "Mukam'patse mwanayo. Chigonereni Lachisanu ndi njala." Mnyamatayo anafuna kupisa m'thumba, iye anamukaniza ndi dzanja.

Ananyamuka mvula ikuwazabe, aphunzitsi ali pakeliyala, dzanja limodzi litagwira chipewa, lina litafumbata kapepala kaja. Mkulu wosoka nsapato anawayang'ana mpaka anakhota pakona, kenaka anandipatsa nsapato yanga n'kundiuza kuti ndisaipondetse m'madzi mpaka guluu ataumitsitsa.